Kuchotsa timizere tozungulira pa penti wa galimoto ndi makina opolishira

Galimoto ikakhala pamthunzi penti amatha kuoneka bwinobwino, koma ikangotuluka padzuwa, makamaka ikakhala yakuda, yabuluu woderapo kapena yofiira, pamatulukira timizere tosawerengeka tozungulira pamene dzuwa lagunda. Timizere timeneti sitinayende mozungulira ayi. Ndi zokandika zing'onozing'ono zolowera mbali zonse, zambiri zowongoka, koma kuwala kukachokera pamalo amodzi diso limangogwira tokhato timene tagona mopingasa ndi kuwalako, ndiye tonse pamodzi timaoneka ngati mabwalo. Sunthani tochi, mabwalowo asuntha nayo. Tambiri timabwera potsuka ndi popukuta: siponji imene yagwa pansi n'kuitola osaitsuka, ndowa imodzi ya madzi omwewo kuchokera padenga mpaka kumatayala, nsalu youma yokunthira fumbi, mabulashi a makina otsukira galimoto. Kamchenga kalikonse kakakokedwa pa penti kamasiya njira yake.

Musanagwire makina muyenera kumvetsa chimene amachita. Sakwirira zokandika, sawonjezeranso kanthu pa penti. Amapala. Penti wa galimoto zambiri za masiku ano ali ndi magawo atatu: pansi pali primer yogwira chitsulo, pakati pali penti wa mtundu, ndipo pamwamba pali gawo loonekera mkati lotchedwa clear coat, limene limanyezimiritsa galimoto ndi kuteteza mtunduwo ku dzuwa. Timizere tathu tili mu clear coat imeneyi. Kuti tithe, mumapala clear coat ya m'mbali mwa kamzere mpaka itsike kufanana ndi pansi pa kamzereko. Galimoto ikamatuluka kufakitale, magawo onse pamodzi nthawi zambiri amakhala pakati pa ma micron 100 ndi 180, ndipo clear coat payokha imakhala ma micron 35 mpaka 50 kapena kupitirirapo pang'ono. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanu nthawi zambiri limanenepa kuposa clear coat yonseyo, ndipo imene mwapala lero sidzabwereranso. Choncho pa ntchito yonseyi muzifunafuna njira yopala zochepa kwambiri zimene zingathetse vutolo. Kwa ine ndi bwino galimoto itsale ndi timizere tiwiri titatu takuya koma clear coat ili yokwanira, kusiyana n'kuti iwale ngati yatsopano chaka chino, zaka zingapo kutsogoloku n'kuyamba kusupuka.

Onani kaye ngati chokandikacho chingatheke

Tsukani malowo, kenako pititsani chikhadabo mopingasa pa mzere. Chikangodutsa osamva kanthu, makina athana nawo. Chikakodwa, mzerewo ndi wakuya. Mungathe kuusalaza m'mbali kuti usamaonekere patali, koma kulimbana nawo mpaka uthe ndiko kuboola clear coat. Njira ina ndi kuthirapo madzi. Mzere umene umazimiririka ukanyowa uli m'gawo la pamwamba. Umene ukuonekabe, makamaka ngati mkati mwake mukuoneka zoyera, zotuwa kapena chitsulo, wadutsa kale penti wa mtundu, ndipo imeneyo ndi ntchito ya wopenta.

Pali penti wina amene makina sayenera kumuyandikira. Penti wosanyezimira wotchedwa matte kapena satin anamupanga dala kuti asawale, ndipo mukamupolisha pamatsala chigamba chonyezimira chimene simungachichotsenso. Clear coat imene yayamba kuyera ndi kusupuka padenga kapena pa boneti yafa kale, makina angoikulitsa bala. Galimoto imene yangopentedwa kumene imafuna mawu a wopentayo, chifukwa penti watsopano amatenga nthawi kuti aume mpaka mkati. Ambiri amauza anthu kudikira masiku 30 mpaka 90 asanapakepo wax kapena chotetezera china.

Galimoto zakale, ndi zina zonyamula katundu, zili ndi penti wopanda clear coat. Pakani polishi pang'ono pa nsalu ya mtundu wosiyana ndi galimotoyo, kwechani pamalo obisika. Nsalu ikatenga mtundu wa galimoto, mwadziwa. Penti wotere amapolishika ndithu, kungoti amadzaza msanga pad, chosanjikiza chofewa chozungulira chimene chimaikidwa pa makina n'kumakhudza penti. Koma mtundu ukatulukira pa pad pa galimoto imene mukudziwa kuti ili ndi clear coat, zimitsani makina nthawi yomweyo.

Ngati mungakapeze, kachipangizo koyezera kunenepa kwa penti n'kothandiza kwambiri. Kamayeza magawo onse pamodzi kuchokera pachitsulo, sikakuuzani za clear coat payokha, ndipo tambiri sitiwerenga pa bampala ya pulasitiki. Komabe kamaulula mbiri ya galimoto. Yezani malo angapo pa chitseko chilichonse, pa boneti, padenga ndi pa buti. Pamene pakuwerenga ma micron 300 kapena kuposa, panapentedwanso, ndipo manambala akakwera kwambiri kuposa apo ndiye kuti pansi anamatapo filler, phala lodzazira pamene chitsulo chinapindika. Pamene pakuwerenga 80 kapena kutsika, pomwe zitseko zinzake zikuwerenga 120, n'kutheka kuti wina anapolishapo kale mwamphamvu. Pamenepo mungodutsa mopepuka kapena kupasiya.

Zipangizo

Makina alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. A rotary amangozungulira pamalo amodzi, liwiro lake kuyambira maulendo 600 kufika cha m'ma 3,000 pa mphindi. Amadula msanga, amatenthetsa penti msanga, ndipo m'manja mwa munthu wosazolowera amasiya timizere tawotawo tonyezimira totchedwa ma hologram, kapena kuwotcha penti pakona m'kanthawi kochepa. A DA, kapena kuti dual action, amazungulira uku akugwedezeka motsata kabwalo kakang'ono, motero pad siyenda njira imodzimodzi mobwerezabwereza ndipo kutentha kumamwazikana. Mukapanikiza mopitirira, pad imasiya kuzungulira. Woyamba kumene ayambe ndi DA, palibe chifukwa chodziika pangozi.

Kabwalo kogwedezekako kamasiyana kukula. Makina akale otchuka ngati Porter-Cable 7424 ali ndi ka mamilimita 8, pomwe a Rupes a ku Italy alipo a mamilimita 15 ndi 21. Akabwalo kakakulu amafulumiza ntchito pamalo athyathyathya, koma amavuta m'makona ndi pamalo opindika. Palinso ena monga Flex XC 3401 amene pad yake imakakamizidwa kuzungulira ngakhale mupanikize. Amenewa amakoka manja ndipo amafuna kuwazolowera. Pa galimoto wamba, makina a DA a mamilimita 8 kapena 15 okhala ndi mbale yomamatizapo pad ya mamilimita 125 ndi okwanira. Ngati makina anu amalola kusintha mbale, kambale ka mamilimita 75 kamathandiza pa bampala ndi pa nsanamira za mawindo.

Chimene chimakhudza penti ndi pad. Ma pad a siponji alipo olimba odulira, apakati opolishira, ndi ofewa omalizira. A microfiber, nsalu ya ulusi wopyapyala kwambiri, ndi a ubweya amadula kuposa a siponji. Musadalire mtundu wa pad pofuna kudziwa ntchito yake, chifukwa kampani iliyonse ili ndi mitundu yake: yachikasu ya kampani ina ndi yodulira, ya kampani ina ndi yofewa. Werengani paketi. Ndipo musagule pad imodzi n'kuganiza kuti ikwanira galimoto yonse. Mukhale ndi 4 kapena 6 a mtundu umene mudzaugwiritse ntchito kwambiri.

Mankhwala opolishira ali ndi timchenga tosaoneka ndi maso, nthawi zambiri ta aluminium oxide. Compound ndi wamphamvu, wodulira. Polishi ndi wofewa, womalizira. M105 ndi M205 a kampani ya Meguiar's ndi awiri odziwika bwino, woyambayo kudula, wachiwiriyo kumaliza. Ku kampani ya Menzerna nambala ikamakwera mankhwala amafewa: 400 ndi wodula kwambiri, 2500 wapakati, 3800 womalizira. Pa mankhwala ena timchenga timaphwanyika pogwira ntchito, kuyamba ndi kudula n'kumalizira kusalaza, ndipo amenewa muyenera kuwayendetsa mpaka atasanduka opyapyala ndi oonekera mkati. Mukaimira panjira amasiya penti wa chifunga. Pa ena timchenga sitisintha kukula, ndipo mungaime pamene mwakhutira. Werengani malangizo a pabotolo musanayambe.

Zotsala ndi izi: matawulo a microfiber oyera osachepera 10, tepi ya opentera, tochi ya LED yowala kwambiri, bulashi yoyeretsera pad, clay (chinthu chofewa ngati dongo chochotsera zomamatira pa penti) ndi madzi ake oterera, komanso isopropyl alcohol (mtundu wa spiriti) yosungunula ndi madzi kuti ikhale pakati pa 10 ndi 20 peresenti, kapena mankhwala ogulitsidwa kale otchedwa panel wipe. Valani magalasi oteteza maso ndi masiki, chifukwa compound amatulutsa fumbi. Vulani mphete ndi wotchi, ndipo chitsulo cha lamba kapena zipi zisakhudze galimoto mukamaweramira pa boneti.

Kutsuka ndi kukonzekera

Gwirani ntchito pamthunzi, pamalo opanda mphepo ya fumbi, penti ali wozizira. Pa chitsulo chotentha mankhwala amauma asanagwire ntchito.

Yambani ndi kuthira madzi ambiri kuti mchenga womasuka utsike wokha. Tsukani ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo wa galimoto, ina ya madzi otsukuluzira chotsukira chanu nthawi iliyonse chisanabwerere m'sopo. Yambirani padenga kutsika, matayala akhale ndi chotsukira chawo. Kenako chotsani phula la mumsewu limene limamatirira m'munsi mwa zitseko, pogwiritsa ntchito mankhwala ake. Palinso mankhwala osungunula tizitsulo tochokera ku mabuleki timene timabaya mu clear coat. Akakumana nato amasanduka a mtundu wa pepo. Musawalole kuumira pa penti, atsukuluzeni bwino.

Tsopano lowetsani dzanja m'kajumbo kopyapyala, sisitani penti wonyowa mopepuka. Mukamva tokhakhala, pakufunika clay. Thirani madzi oterera okwanira, yendetsani clay chopita ndi chobwera osapanikiza, mpaka azingotsetsereka mwakachetechete. Muzimupinda pafupipafupi kuti mbali yoyera ikhale kunja. Akagwa pansi, mutayeni, ngakhale akuoneka woyera. Gawo limeneli anthu amakonda kulidumpha, koma kamchenga kamodzi kakalowa mu pad, makina amakazunguza pa penti maulendo masauzande pa mphindi, ndipo mukhala mukukanda ndi makina omwe mumati akonze.

Umitsani galimoto yonse, ndi madzi obisala m'magalasi a m'mbali ndi m'zogwirira zitseko omwe. Matani tepi pa mapulasitiki akuda, pa mipira ya mawindo, pa zilembo ndi mabaji, ndi pa mizere yakuthwa ya thupi la galimoto imene mukuopa. Polishi akaumira pa pulasitiki yokhakhala amasiya zoyera zovuta kuchotsa.

Kabwalo koyesera

Musayambe galimoto yonse musanadziwe chimene penti wake akufuna. Sankhani malo athyathyathya pa boneti kapena pa buti amene ali ndi timizere ngati a malo ena onse, dulani ndi tepi kabwalo ka masentimita 40 mbali iliyonse. Yambani ndi zofewa: polishi ndi pad yapakati. Kawirikawiri anthu amadabwa kuona kuti zimenezi zokha zachotsa timizere tambiri.

Lembani kamzere kooneka bwino m'mphepete mwa mbale ya makina. Kamzereko ndiko kazikuuzani ngati pad ikuzungulira. Mamatizani pad pakatikati pa mbale, chifukwa ikapendekeka makina amanjenjemera ndipo manja amachita dzanzi. Pad yatsopano youma ipakeni mankhwala pang'ono nkhope yonse ndi chala, makamaka ikakhala ya microfiber, kuti pasakhale pouma. Kenako ikani madontho 3 kapena 4, lililonse osaposa nsonga ya kachala kakang'ono. Kuchulutsa mankhwala sikufulumiza ntchito: pad imanyowa, imatsetsereka osadula, ndipo imamwaza madontho paliponse.

Ponyani chingwe cha magetsi paphewa kuti chisakhule pa penti. Makina ali chizimire, dindani pad m'malo angapo mkati mwa kabwaloko. Yatsani makina pad ili kale pa penti, ndipo muzizimitsa isanachokepo. Pa liwiro la 1 kapena 2 pa chosinthira liwiro cha makina, yendani mwachangu kamodzi kuti mankhwala afalikire ponseponse. Mukatero kwezani pa 4 kapena 5.

Vuto la pafupifupi aliyense woyamba ndi kuthamanga. Dzanja lizisuntha masentimita 2 kapena 3 pa sekondi, kutanthauza kuti mzere umodzi wa kabwalo kanu ukutengerani masekondi 13 mpaka 20. Ziwerengeni mumtima poyamba, mudzaona kuti manja amafuna kufulumira kuwirikiza pamenepo. Timchenga timafuna nthawi pamalo kuti tipale. Yendani kuchoka kumanzere kupita kumanja, tsikani ndi theka la pad, bwererani, mpaka kabwalo konse katha. Kenako chitani chimodzimodzi chokwera ndi chotsika. Bwerezani kuti maulendo onse akwane 4: atatu oyamba mopanikizako, womaliza mopepuka, liwiro mutatsitsako pang'ono.

Kupanikiza kwake n'kotani? Dzanja limodzi pamutu pa makina, lina kumchira, siponji ifinyike pang'ono chabe. Maso akhale pa kamzere kaja. Kakamayenda mozungulira, ngakhale pang'onopang'ono, pad ikugwira ntchito. Kakaima n'kumangonjenjemera pamodzi, mwapanikiza kwambiri kapena mwapendeketsa makina, ndipo mukungotenthetsa penti osadula kanthu. Pepukitsani dzanja, wongolani makina, kamzere kayambanso kuyenda. Makina a mamilimita 15 ndi 21 safuna kupanikiza kwambiri, kulemera kwawo ndi dzanja logona pamwamba zimakwanira. Pad izigona yonse pa penti nthawi zonse. Pamalo opindika, sunthani thupi ndi manja kuti pad itsatire kupindikako m'malo mogwira ndi m'mphepete mwake.

Zimitsani, nyamulani makina, pukutani ndi thawulo lopinda kanayi, mopepuka, mukutembenuza mbali yoyera. Apa penti aoneka wokongola, koma musakhulupirire msanga. Mankhwala opolishira ali ndi mafuta, ena ali ndi zodzazira, ndipo zimenezi zimalowa m'timizere n'kutibisa. Mukatsuka galimoto kawiri katatu timatulukiranso. Thirani isopropyl alcohol yosungunula ija pa thawulo lina loyera, pukutani kabwaloko, dikirani paume. Chotsani tepi mbali imodzi, zimitsani magetsi ena ngati muli m'nyumba, walitsani tochi pamalire a malo opolishidwa ndi osapolishidwa. Yang'anirani mbali zosiyanasiyana, moyandikira ndi motalikira. Ngati n'kotheka tulutsaninso galimoto padzuwa.

Zimene mungaone ndi zitatu. Ngati timizere tatha ndipo penti ali mbee, mwapeza njira yanu, musaisinthe. Ngati tatsala tambiri, sinthani chinthu chimodzi chokha nthawi imodzi. Choyamba bwerezani ndi zomwezo koma mochedwerapo, chifukwa nthawi zambiri cholakwika ndi liwiro la dzanja. Zikakanika, tengani pad yolimba ndi polishi yemweyo. Zikakanikabe, ndiye compound alowe, choyamba pa siponji, kenako pa microfiber ngati penti ndi wolimba kwambiri. Mukasintha zonse nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza, ndipo mwina mwapala zambiri kuposa zofunika.

Chachitatu n'chakuti timizere takale tatha, koma penti ali ndi kachifunga kotuwa kapena timizere tating'onoting'ono tatsopano tooneka pa tochi pokha. Pambuyo pa compound zimenezi n'zoyembekezeka, polishi ndi pad yofewa azichotsa. Zikabwera pambuyo pa polishi, ndiye kuti penti ndi wofewa kwambiri. Tengani pad yofewa koposa, tsitsani liwiro pa 3, pepukitsani dzanja, ndipo onaninso thawulo lanu, chifukwa pa penti wotere thawulo lokhakhala lokha limakanda. Anthu a ntchitoyi amadziwa kuti galimoto zambiri za ku Japan zili ndi penti wofewa ndipo zambiri za ku Germany zili ndi wolimba, koma zimenezi ndi poyambira chabe. Chitseko chimodzi chopentedwanso chingathe kusiyana ndi galimoto yonse, ndipo chimafuna kabwalo kake koyesera.

Timizere tosaya tikachoka, mizere ina yakuyako imene inabisala pakati pake imaonekera poyera, umodzi apa, wina apo. Mtima umafuna kuitsatira. Ipatseni ulendo umodzi kapena iwiri yowonjezera kuti m'mbali mwake musalale. Ikakana, isiyeni. Mzere wosalala m'mbali subweza kuwala kwambiri, ndipo munthu woima mita imodzi kuchokera pagalimoto sangauone. Kuti muuchotseretu mungafunike kupala ma micron ambiri pamalo onse ozungulira, pomwe kupolisha kopepuka kumachotsa ochepa kwambiri, kawirikawiri 1 mpaka 3.

Galimoto yonse

Mukapeza njira, ibwerezeni kabwalo ndi kabwalo, kuyambira padenga, boneti ndi buti, kenako m'mbali, m'munsi komalizira. Kabwalo kalikonse kalowerereko pang'ono m'kanzake. Musakulitse malo pofuna kumaliza msanga. Mukapitirira masentimita 50, mankhwala amauma mbali ina musanabwerereko, ndipo zotsatira zimasiyana ndi za kabwalo koyesera. Pad ikakhala kuti yanyowa kale, madontho 2 kapena 3 amakwanira pa kabwalo katsopano.

Yeretsani pad pambuyo pa kabwalo kalikonse, ndi bulashi kapena ndi mpweya wa kompuresa, mutatembenukira kutali ndi galimoto. Zimene zimadzaza pad ndi mankhwala otha ntchito ndi clear coat imene mwapala. Pad yodzaza imasiya kudula, imatentha, imayamba kukanda. Mukamaliza chitseko chimodzi kapena ziwiri, isintheni ndi ina yoyera yozizira. Mukaona kuti njira imene inagwira bwino pa boneti sikugwiranso pofika pa chitseko chachitatu, kawirikawiri wolakwa si penti, ndi pad.

M'makona, m'mphepete mwa zitseko ndi pa mizere yakuthwa ya thupi la galimoto penti amakhala wopyapyala kuyambira kufakitale, ndipo mphamvu yonse ya pad imagwera pamalo aang'ono. Kuboola kwambiri kumachitikira pamenepa. Polishani mpaka pafupi ndi mzere mbali iyi, kenako mbali inayo, osaima pamwamba pake. Ngati munamatapo tepi, ichotseni pomaliza n'kudutsapo kamodzi ndi polishi wofewa, kapena ndi dzanja lokha.

Muzikhudza penti ndi kuseri kwa dzanja. Kufunda n'kwabwinobwino, koma ngati simungathe kusiya dzanja pamenepo, pumulani, kagwireni kwina. Bampala ndi zigawo zina za pulasitiki sizimwaza kutentha ngati chitsulo, ndiye zimatentha msanga ndipo penti angathe kukwinyika. Pamenepo tsitsani liwiro, chepetsani maulendo, gwiritsani ntchito pad yaing'ono. Nsanamira zakuda zonyezimira za pakati pa mawindo ndi zofewa kwambiri, zimangofuna polishi womalizira ndi dzanja lopepuka.

Mankhwala akamatulutsa fumbi lambiri kapena kumamatirira povuta kupukuta, ndiye kuti mwawayendetsa nthawi yaitali, pad yadzaza, kapena penti watentha. Zomamatira musazikweche ndi thawulo louma. Ikani dontho la mankhwala atsopano, dutsanipo kamodzi ndi makina, zimachoka zokha.

Ngati njira yanu ndi ya magawo awiri, malizani compound, chotsani fumbi lake lonse m'ming'alu ndi pa penti, kenako yambani polishi ndi ma pad ena ndi matawulo ena. Thawulo la compound lisakhudze penti womalizidwa. Gawo lachiwirili limafulumira, maulendo 2 kapena 3 pa kabwalo, liwiro la 3 kapena 4. Ntchito yonse pa galimoto yapakati imadya tsiku lathunthu, ndipo ya magawo awiri ingafike masiku awiri. Mukatopa imani, chifukwa manja otopa ndiwo amapendeketsa makina pakona.

Kuteteza ndi kusamala

Chotsani tepi yonse moikokera chobwerera pang'onopang'ono, yeretsani polishi wotsalira m'ming'alu ndi kabulashi kofewa, pukutani galimoto yonse ndi isopropyl alcohol yosungunula kapena panel wipe, yenderaninso chigawo chilichonse ndi tochi. Penti tsopano alibe chilichonse chomuteteza, ndiye musamusiye choncho. Wax wa carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wina wa mgwalangwa wa ku Brazil, ndi wosavuta kupaka koma amatha pakapita milungu kapena miyezi yochepa. Sealant, mankhwala otetezera opangidwa m'fakitale, amakhalitsako. Ceramic coating, imene imapakidwa ili yamadzi n'kuuma kukhala gawo lolimba pamwamba pa penti, imatha kukhala zaka, koma imafuna penti wopanda mafuta ngakhale pang'ono, malo opanda fumbi, ndi kupukuta pa nthawi yake. Ikaumira molakwika imachoka ndi makina okha, kutanthauza kupalanso clear coat. Pa zitatuzi palibe chimene chimaletseratu kukandika. Zimangothandiza kuti dothi lisamamatire kwambiri ndipo kutsuka kukhale kopepuka.

Kuyambira pano katsukidwe kanu ndiko kadzanene ngati mudzafunikanso makina chaka chamawa: madzi ambiri kaye, ndowa ziwiri, chotsukira cha microfiber, kuyenda mowongoka osapanikiza, kuumitsa ndi thawulo lalikulu lofewa, ndipo osapukuta fumbi pa penti wouma. Zitosi za mbalame muzizinyowetsa ndi kuzichotsa tsiku lomwelo, chifukwa zimadya clear coat, makamaka padzuwa. Galimoto yosamalidwa chonchi imangofuna polishi wofewa mwa apo ndi apo, ndipo compound sayenera kukhala wa chaka ndi chaka.

Ma pad atsukeni tsiku lomwelo mankhwala asanaumiremo. Aviikeni m'madzi ofunda a sopo, afinyeni ndi zala mpaka madzi azituluka oyera, osawapotokola chifukwa nsalu yomamatira ku mbale imamatuka. Ayanikeni pamthunzi, mbali yomamatirayo ili m'mwamba kuti madzi asakhazikike pa guluu. Matawulo a microfiber achapeni paokha, osasakaniza ndi nsalu za thonje, osathira mankhwala ofewetsa zovala, ndipo osawaumitsa pa kutentha kwambiri. Akauma asungeni m'chotengera chotseka. Thawulo limene lagwa pansi kapena layamba kukhakhala lichotseni pa gulu la penti, lizikagwira ntchito kumatayala ndi ku injini.